Mabatire a Bambo Sandalamu

Mwera wayambanso, ndipo ndi mwerawo wandikumbutsa kuti patha chaka chimwalirireni bambo Sandalamu Phiri. Palibe wafulula thobwa, palibe wapita kukalambula pamanda pawo. Ine ndine Nabanda, ndimagula usipa kwa asodzi n'kumayanika pano kufupi ndi Chipoka, ndipo thandala langa limagundana ndi mpanda wa shedi yawo. Sindine mbale wawo. Ndinali woyandikana nawo basi, wowakalipira tsiku ndi tsiku chifukwa cha utuchi umene unkagwera pansomba zanga. Koma poti aliyense wangoti zii, ndinene ndine.

Mukafunsa za iwo m'mudzi muno adzakuuzani kuti, ooh, madala aja anakaniza batire pamaliro a mnzawo. Ndi zoona, anakaniza. Ine ndinalipo. Kungoti nkhani ikafupikitsidwa chotero imatsala mafupa okhaokha.

Anali mtchona. Anachoka kuno ali mnyamata, ena amati atayankhula mosasamala za khadi lachipani pamowa, ndipo anakakhala ku Bulawayo zaka zoposa makumi atatu akugwira ntchito m'fakitale ya zitseko ndi mipando. Dziko litatseguka, othawa atayamba kubwerera, nawonso anatsika sitima pa Chipoka ndi matrangi awiri ndi katoni yomangidwa ndi mphira. Tinathamangirako kukaona, tikuti muli mabulangete ndi nsalu. Atatsegula tinapeza mawaya, timamota tochotsa m'makina akale a m'maofesi, ndi kompyuta yachikasu ngati dzino la nkhalamba. Mkazi analibe, mwana analibe. Mayi awo anali atamwalira kalekale, mlongo wawonso, ndipo makalata a maliro sanawafike. Anafunsa manda a mayi awo, koma panalibe amene anatha kuloza motsimikiza kuti ndi awa.

Munthu mmodzi yekha ndiye anawazindikira, a Lufeyo, mmisiri wokhoma maboti. Anawayang'ana khutu, naona chipsera cha mbedza imene anawakola nayo ali ana, n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi pamchenga. Kuyambira tsiku limenelo anthu awiriwa anali bawo limodzi, fodya mmodzi, ndi mkangano wosatha.

A Lufeyo ndi amene anawakhomera thebulo la makinawo, uku akunyoza. Makinawo ndiwafotokoze monga ndinkawaonera ine wosapita kutali ndi sukulu. Linali thebulo lokhala ndi zitsulo ziwiri zamazinga, china choyenda chakuno, china chopingasa. Pakati pake panalendewera kamota kokhala ndi kansonga kakuthwa. Akalemba mawu pakompyuta, timamota tija tinkayendetsa kansongako pathabwa, iko n'kumasema zilembo kokha, munthu manja ali m'thumba. Tsiku loyamba ana anathawa, ndipo amayi ena anapempha abusa kuti akaoneko. Abusa anakaona, nabwerako ndi chikwangwani chatchalitchi.

Vuto linali moto. Magetsi kuno sanafike, mapolo amangodutsa kumsewu uko ngati sationa. Choncho bambo Sandalamu anasonkhanitsa mabatire asanu ndi limodzi a malole, kuwandanda pasimenti m'mbali mwa khoma, kuwalumikiza ndi mawaya onenepa ngati chala. Pabwalo anaimika masola awiri pachimtengo chozungulira. Kompyuta inkadyera pakabokosi kolira ngati udzudzu kamene kankasandutsa moto wa batire kukhala wa m'nyumba. Dzuwa la masiku atatu linkawapatsa ntchito ya theka la tsiku. Moyo wawo wonse unazungulira pa masamu amenewo.

M'mawa, ndisanayale nsomba, iwo amakhala atapukuta kale masola ndi malaya akale, atawalozetsa kunyanja kumene dzuwa limatulukira. Masana ankawagoneka chagada, madzulo n'kuwatembenuzira kumapiri. Ukawapatsa moni ankayamba ayang'ana kamuvi ka mita yoyezera moto wa mabatire kaye, ndiye n'kukuuza ngati adzuka bwino. Chimene chinkandiseketsa kwambiri ndi madzi. Nyanja ili apa, yodzaza mpaka ku Mozambiki, koma mabatire awo sankamwa madzi a m'nyanja, kapena a pamjigo. Ankamwa amvula okha, ndiponso osati otsika padenga lamalata. Mvula ikamayamba mumawaona madala akuthamanga ndi beseni lapulasitiki kukaliika pakati pabwalo, iwo n'kuima pambali akunyowa, kulilondera kuti mbuzi zisamwemo. Ndinawauza kuti mabatire awo ndi onyada kuposa mkazi wa m'tauni. Anati n'chifukwa chake sanakwatire, awa akuwakwanira.

Ankakonda kunena kuti mabatire olumikizidwa ali ngati anthu opalasa boti limodzi, mmodzi akafooka amatopetsa onse. N'chifukwa chake sankalola kuchotsapo limodzi, ngakhale kwa ola. Anthu ankabwera ndi mawailesi awo masiku a misonkhano ya zipani, ena ankafuna loonetsera kanema, onse ankabwerera chimanjamanja. Ankanenanso kuti makina awo si opusa koma ndi akhungu, amangowerenga mapazi. Moto ukachepa mwendo umatsalira, koma mutu umapitiriza kuwerenga mapazi amene sanapondedwe, ndiye chilembo chimakathera kutchire. Moto ukaduka kumene, kompyuta imaiwala pamene inali, thabwa lonse n'kuwonongeka.

Zimenezi tinaziona ndi maso. Msodzi wina anabweretsa thabwa la dzina la boti lake, ndipo bambo Sandalamu anayamba ntchito mabatire asanakhute, pofuna kuonetsa anthu amene anadzaza pakhomo. Zilembo zinayi zoyamba zinatuluka zokongola ngati za m'buku. Kenaka mzere unayamba kutsetsereka, chilembo kukwera pa chinzake, mpaka kansonga kanatulukira m'mphepete mwa thabwa. Anthu anaseka, koma palibe anaseka ngati a Lufeyo. Anatenga thabwa lina, nalemba dzinalo ndi tchizulo chawo pomwepo, akuimba mluzu. Bambo Sandalamu sanapite kubawo milungu iwiri.

Amene anathetsa mkwiyowo ndi a Lufeyo omwe. Anabwera atasenza thabwa la mlombwa lopalidwa bwino, naligwetsa pakhomo pa shedi ine ndikuona.

"Sunga ili, Sanda," anatero. "Ukadzaphunzitsa chinthu chakocho kuyenda mowongoka, udzalembepo dzina langa. Koma ndikudziwa, pofika tsiku limenelo ine ndidzakhala ndili kumanda."

"Ndidzakulemba, Lufeyo. Udzachita manyazi."

"Usadzandipindike, iwe. Kumwamba angakandibweze kuti si ineyo."

Tonse tinaseka, n'kuiwala. Thabwalo analiimika kuseri kwa chitseko.

A Lufeyo anamwalira chaka chotsatira, mwezi ngati uno, chifuwa chitawagwira milungu itatu. Kunali mwera, mitambo itaphimba masiku anayi, dzuwa likungosuzumira. Bambo Sandalamu anafika pasiwa uthenga utangomveka, anakhala pang'ono ndi azibambo, kenaka anadzuka n'kumapita. Anthu anaona, koma anati mwina chisoni chawakulira.

M'mawa mwake, tsiku loika, abale anafika ambiri kuchokera ku Lifuwu kumene kunachokera mkazi wa malemu, mpaka anthu anasefukira kuseri kwa nyumba. Amayi amvano atangoyamba nyimbo, tinamva phokoso. Aliyense ankalidziwa phokosolo, kulira kwa kansonga kakamadya thabwa. M'mudzi muno pakagwa maliro khasu siligwira, boti silipita panyanja, ngakhale ine usipa wanga umaolera m'dengu. Ndiye makina akulira, nyumba zinayi zokha kuchokera pamene pagona mnzawo wa ubwana! Alendo a ku Lifuwu anayamba kufunsa kuti kodi kuno kuli chigayo.

Nthawi yomweyo kunapezeka kuti batire la zokuzira mawu zimene anabwereka kutchalitchi latha moto. Yohane, mwana woyamba wa a Lufeyo, bambo wa ana anayi, anati apita yekha, poti madalawo sangamukanize iye. Anatenga wilibala. Ine ndinali m'gulu lotunga madzi, ndipo ndinamutsatira chapatali ndi ndowa yanga.

"Odi, bambo."

"Ndani?"

"Ndine Yohane. Ndadzapempha batire limodzi, abusa alalikire anthu amve. Tibweza madzulo ano."

"Sindingathe, mwanawe."

"Limodzi lokha, bambo. Muli nawo sikisi."

"Ndati sindingathe. Makina ali pantchito."

Mawu onsewa anayankhulira m'kati, chitseko chili chotseka. Sanatuluke kudzamugwira dzanja mwana wamasiye. Yohane anatembenuza wilibala yake yopanda kanthu, n'kuikankha kudutsa pakati pa anthu onse.

Ine magazi anandiwira. Ndinatula ndowa, ndinakankha chitseko osagogoda, mawu ali kale pakamwa. Ndinawapeza atagwada pasimenti pafupi ndi mabatire, dzanja lamanja litafinya waya pamutu pa batire lakumapeto. Kachitsulo komangira wayayo kanali katathyoka m'mawa womwewo ntchito ili pakati, ndipo akanangochotsa dzanja moto ukanaduka. Galasi la kompyuta anali atalizimitsa kuti lisadye moto. Maso awo anali pa kamuvi ka mita, kamene kanali katatsamira kale kumanzere. Pathebulo panali thabwa la mlombwa lija. Ndinawerenga LUFE, ndipo kansonga kanali kakutsika mwendo wa Y.



"Bwanji osamuuza mwanayo?" ndinafunsa.

"Likapindika?" anatero osandiyang'ana. "Moto ndi wochepa, Nabanda. Kaya ufika kaya sufika. Likapindika andiseka ine, amusekanso iye ali m'bokosi. Musanene kanthu mpaka lithe. Ndakupemphani."

Thukuta linali kutsika m'khosi mwawo ngakhale kunali kuzizira. Ndinawapukuta ndi nsonga ya chitenje changa, ndinawamwetsa madzi poti dzanja lina linali litachirikiza pansi, kenaka ndinatuluka. Kusiwa amayi anandifunsa kuti mfitiyo ikuti chiyani. Ndinati sindinapeze mpata woyankhula nayo.

Abusa analalikira ndi pakamwa pokha, mwera ukuwalanda mawu, ndipo a kumbuyo sanamve mbiri ya malemu. Makina analira mpaka titanyamula bokosi, analirabe tikukhota panjira ya kumanda. Mlombwa ndi wouma, ndipo iwo anali atawauza makinawo kuti ayende pang'onopang'ono kuti asamwe moto wambiri nthawi imodzi. Pansi pa dzina panalinso mawu oti mmisiri wa maboti.

Anafika kumanda nkhata zitaikidwa kale, anthu akuyamba kutuluka. Ndinawaona akubwera chothamanga mwaukalamba, mawondo a buluku ali oyera ndi fumbi la simenti, atakumbatira chinthu chokulungidwa m'jekete. Dzanja lamanja linali litauma chopindika ngati la nkhanu. Adzukulu anawaimitsa polowera. Yohane anabwera, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwamaliza ntchito yanu, bambo?"

"Ndamaliza. Ndabwera ndi..."

"Ifenso tamaliza yathu. Bwererani, mabatire angasungulumwe."

Akanangofunyulula jeketelo. Sanatero. Anayang'ana anthu onse aja, kenaka maso awo anandipeza ine. Thabwa linali litatha, pempho lawo silinkandimanganso, ndipo mawu atatu okha akanakwana. Koma ndinaona nkhope za amayi anzanga, ndinakumbuka kuti nanenso ndili ndi mayi okalamba amene adzafune anthu owanyamula, ndipo ndinawerama n'kumakonza mpango umene unali bwinobwino. Ndinachita mantha, palibe dzina lina. Mpaka lero zimandiwawa. Iwo anatembenuka ndi katundu wawo, kubwerera okha panjira ya mchenga.

Patapita masiku ndinaulula kuthandala zimene ndinaona. Ndinkayesa kuti amayi agwira pakamwa. Mkazi wa malemu atamva anangofunsa kuti, kodi akufa amawerenga? Anati mwamuna wake sankasowa thabwa, amene ankasowa munthu ndi iyeyo ndi ana, ndipo chimene ankafuna n'choti mnzake wa mwamuna wake akhale pansi pamphasa anthu amuone. Maliro n'kulirana. Ngakhale lero sindinganene kuti mayiyo analakwa. Bambo Sandalamu anakhala zaka zambiri kumene munthu amaonetsa chikondi ndi ntchito ya manja ake. Kuno timaonetsa ndi matako, kukhala pansi basi. Nkhuku yopepesera madalawo anapereka, inalandiridwa, koma mlandu unatha pakamwa pokha. Bawo lija palibe anakhalanso mbali inayo.

Maliro otsatira anali a khanda la kwa oyandikana ndi tchalitchi. Kulira kutangomveka, ndinaona bambo Sandalamu akumasula mawaya. Anakoka batire limodzi mpaka panja pa mpanda, naliika pamwala m'mbali mwa njira, n'kupita kukakhala kusiwa. Anthu analitenga osanena kanthu. Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi, maliro alionse batire pamwala. Kenaka anayamba kutengeranso maukwati, misonkhano, mpira wa pawailesi. Linkabwera litatheratu moto, nthawi zina patatha mlungu. Ena pofuna kuthokoza ankalibweza atalithira madzi a m'nyanja mpaka pakamwa, ati taona kuti linali ndi ludzu. Ine ndinkayembekeza kuti madala aphulika. Ankangoti zikomo, n'kulikokera m'kati.

Ndinawakalipira. Ndinati mukudziwa kuti akukupherani, bwanji osawauza? Anati munthu amene sanaike mayi ake, n'kulephera kuikanso mnzake, alibe pakamwa pophunzitsira anthu za madzi. Ndinati nanga makina? Anati makina anamaliza ntchito imene anabwerera.

Mabatire anafa limodzilimodzi, monga ankanenera, lofooka likutopetsa anzake. Makina sanalirenso. Utuchi unasiya kugwera pansomba zanga, ndipo ndinadabwa kuti ndikuusowa. Koma masola ankawatembenuzabe katatu patsiku, ndipo mvula ikagwa ankathamangabe ndi beseni. Pamaliro alionse ankafika woyamba, atanyamula njerwa yawo yokhalira, n'kukhala kumapeto kwa azibambo kumene utsi umapita. Anthu ankawapatsa moni. Sankawafunsa maganizo pa kanthu kalikonse.

Tsiku limene anamwalira ndinadziwira masola. Dzuwa linali litakwera, ine nditayala kale thandala lonse, koma masola anali akuyang'anabe kumapiri kumene anawasiya dzulo lake. Ndinawapeza pamphasa, atafunda jekete lija.

Mudzi sunawataye, ndisaname. Adzukulu anakumba, bokosi linakhomedwa ndi matabwa a m'shedi momwemo, abusa anabwera. Wina anati titenge batire la zokuzira mawu, ndipo anayesa onse asanu ndi limodzi, koma panalibe ngakhale limodzi loyatsa kababu. Abusa analalikira ndi pakamwa pokha. Ulendo uno aliyense anamva bwinobwino, mpaka wa kumbuyo, chifukwa kumbuyo kwake kunali mzere wachitatu.

Mlungu wathawu Yohane anabwera kuthandala kwanga. Akumanga chiliza cha bambo ake, ndipo chitini chimene analembapo dzina ndi penti chinadyeka ndi dzimbiri. Anazungulirazungulira, kufunsa mtengo wa usipa umene amaudziwa kale, kenaka anati, "Mayi, thabwa lija munkanena lija, lilipo?"

Ndinamutsegulira shedi. Linali pakhoma pamene madala analikoloweka, litayang'ana kukhoma. Yohane analitembenuza, nalipukuta ndi mkono wa malaya, n'kuyendetsa chala m'chilembo chilichonse kuyambira L mpaka kumapeto. Anali mwana wa mmisiri, analiika m'diso ngati mmene bambo ake ankayesera thabwa la boti.

"Anawongola," anatero.

Anafuna kunena china, koma m'shedimo munalibe woti amuuze. Analikulunga m'malaya ake n'kutuluka nalo.

Ndinatsala ndekha m'menemo. Mabatire anatengedwa kalekale ndi ogula zitsulo, masola anapita ndi wachibale wina amene anatulukira maliro atatha. Thebulo la a Lufeyo chiswe chalidya miyendo, lagwada mbali imodzi, ndipo kansonga kachita dzimbiri kali m'malere pamene kanaimira. Pasimenti m'mbali mwa khoma pali zipsera zisanu ndi chimodzi zoyera pamene asidi anadya, zondandana bwino, ndipo patsogolo pa chakumapeto, pamene madala ankagwada, simenti ndi yosalala. Pakhoma patsala malo oyera a makona anayi ndi msomali. Panja chimtengo cha masola chikuzungulira chokha ndi mwera. Beseni lija lili pakati pabwalo pomwe analisiya, ndipo mbuzi zimamweramo.